Magazi a Amuna a ku Shedi

Shikoswe, Kafue
6 Marichi 1998

Ba sisi Winfrida,

Muli shani uko ku Mangalande? Ife kuno tilipo, koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndanama. Sharon ndi ana akupatsani moni. Chithunzi chanu chija munavala chikhoti choyera tinachiika pakabati, ndipo ba Tate amachionetsa aliyense wolowa m'nyumba, ngakhale uja wodzawerenga mita ya malaiti.

Nkhani ndi ya ba Tate omwewo. Mukudziwa kuti atawachotsa ntchito kunjanji analowa kushedi komwe ndimagwira ine, kukampani yatsopano ija yosakaniza utoto ndi mankhwala a m'munda. Ntchito yathu ndi kutsanula mankhwala m'madiramu n'kuthira m'tizigubu, ndi manja chabe. Manje milomo yawo yada ngati adya mabulosi, zikhadabo nazonso. Akachoka pakhomo kupita pampopi amaima panjira kuti apume. Sali okha. Pafupifupi aliyense wa kushedi milomo yake ili choncho, ndipo Titus, uja ankaimba ng'oma kutchalitchi, tinamuika m'manda mwezi watha.

Ndinapita ndi ba Tate kukiliniki. Nesi Emelda, mnzanu wa kusekondale uja, atawatenga magazi ndinaona ndi maso angawa kuti si ofiira. Ndi oderako ngati koko. Emelda anandikokera pambali n'kundiuza kuti amuna a kushedi onse magazi awo akutuluka otere, koma iye sadziwa chifukwa chake. Anatipatsa mapilisi owonjezera magazi, akuti ba Tate azidya ndiwo zamasamba. Ndiwo zamasamba, ba sisi! Munthu wadya lepu moyo wake wonse.

Lachiwiri tinasonkhana pageti kukapempha magolovesi ndi zotseka pamphuno. Bwana sanatuluke, anatuma kapitao wake Lighton. Lighton anati, "Mankhwala athu sadwalitsa munthu. Amene akuti akudwalitsa abweretse pepala la anthu ophunzira, osati phokoso." Ine mutu unatentha, ndinamugwira pakolala. Magadi anatulukira ndi agalu ndi zibonga. Anandigwetsa pansi n'kundiponda kukamwa, mano akutsogolo ndinawalavula pomwepo. Galu anang'amba ntchafu ya Humphrey, mnzanga wa padiramu. Ba Tate anabwera kuti andikoke, gadi wina anawamenya chibonga pamsana, munthu wamkulu, wopuma movutikira kale. Ndinawaona akukwawa pafumbi. Chimenecho sindidzachiiwala, ndipo Lighton adzachilipira.

Tsono inu mwakhala zaka zonsezi mukuphunzira za mankhwala. Mumatilembera za chimakina chanu chimene ife sitimva mutu wake. Kodi chili ndi ntchito kapena ndi chojambulitsira zithunzi chabe? Akufuna pepala la anthu ophunzira, ndipo wophunzira m'banja muno ndi inu. Tiuzeni chimene chikudya ba Tate. Yankhani msanga.

Ndine mlongo wanu,
Chindikani

Sheffield
27 Marichi 1998

Chindikani mlongo wanga,

Moni nonse kunyumba. Kalata yako ndinaiwerenga nditaimirira pakhonde, ndipo ndinalira anthu akundiona. Mano ako ali bwanji? Msana wa Atate? Iwe ndi mtima wakowo! Unayamba kugwira anthu pakolala uli giredi fo, mpaka lero sunaleke. Akakupha pageti Atate awasunga ndani?

Mvera bwino. M'magazi muli chinthu chimene chimawafiiritsa, ndipo ntchito yake ndi kunyamula mpweya kuchoka m'mapapu kupita m'thupi lonse. Pali mankhwala ena amene akalowa pakhungu amakakumana ndi chinthu chimenechi n'kuchiwononga, moti chimaleka kunyamula mpweya. Magazi amada, milomo imada, munthu amabanika ali panja pamphepo. Ndikuganiza kuti ndi zimenezo. Atate aleke ntchito lero lomwe. Upite nawo kuchipatala chachikulu ku Lusaka, ukawauze madokotala za mtundu wa magaziwo, pali mankhwala abuluu obaya mumtsempha amene amathandiza.

Wandinyoza ndi makina anga, ndiye ndikufotokozere. Ndi maginito aakulu kuposa thanki ya madzi ya kusukulu kwathu kuja. Ukalowa m'chipindamo ndi sipanala, amakulanda m'manja. Tikaika kabotolo m'kati mwake, tizinthu ting'onoting'ono timene timapanga chilichonse, mamolekyu, timatulutsa mawu ngati a wailesi, ndipo mawuwo amasintha malinga ndi chimene chagundana nato. Vuto lake mawuwo ndi otsika kwambiri, ngati munthu akunong'ona pamsika wa Kafue tsiku la Loweruka. Ndiye ife timatenga mpweya wina wotchedwa zenoni, n'kuuwalitsa ndi nyali yamphamvu. Ukawalitsidwa choncho mawu ake amakwera kwambiri, koma kwa kanthawi kochepa. Timathamanga nawo n'kuusakaniza ndi magazi. Zenoniyo amalowa mpaka m'kati mwa chofiiritsa chija, ndipo mawu ake amatiuza ngati chili bwino kapena china chachigwira. Makina amajambula zonsezo papepala. Ntchito yanga tsiku ndi tsiku ndi imeneyo, kuona mmene molekyu ina imagwirira inzake.

Ndachonderera aphunzitsi anga ndipo andilola kuyesa. Undichitire zinthu ziwiri. Choyamba, ukopere dzina lolembedwa pamadiramu, chilembo ndi chilembo, osati mwa kalembedwe kako kankhuku kaja. Chachiwiri, mnzanga Lindiwe ali ku Lusaka patchuthi, akwera ndeke kubwerera kuno kumapeto kwa Meyi. Adiresi yake ndalemba kuseliku. Upemphe Emelda atenge magazi a Atate kabotolo kamodzi, akhale pozizira, ukamupatse Lindiwe.

Ndipo Lighton umuleke. Ndikunena ine mkulu wako.

Winfrida

Shikoswe, Kafue
20 Epulo 1998

Ba sisi,

Moni. Ana ali bwino. Ine ndikudya nshima yofewa ngati khanda, nyama ndimangoiyang'ana. Kalata yanu inafika ndipo ndinawerengera anzanga onse kuseli kwa shedi. Za maginito olanda sipanala anaseka maningi, koma nditafika pa magazi oleka kunyamula mpweya panalibe woseka. Humphrey anangoyang'ana zikhadabo zake.

Ba Tate akana kuleka ntchito. Akuti anakhala kale pakhomo osagwira kanthu atawachotsa kunjanji, ndipo sadzabwereranso kumapempha sopo kwa mpongozi. Za ku Lusaka akuti adzapita mwezi ukatha. Mukuwadziwa.

Dzina la padiramu ndi ili: ANILINE. Pansi pake pali chithunzi cha chigaza, koma anachimata ndi pepala la kampani.

Za Lighton mwachedwa. Anandipeza ndikukanda pepala lija kuti ndione bwino, n'kundimenya mbama pamaso pa anthu. Ndinali ndi chitsulo chotsegulira madiramu m'manja. Ndinamutema nacho pamwamba pa diso, magazi thoo, ake ofiira bwinobwino chifukwa iye sagwira mankhwala. Anagwa pamatumba akukuwa ngati mbuzi. Ntchito yandithera pomwepo, ndipo sindikudandaula.

Manje za kabotolo kamodzi. Ba sisi, mwaphunzira koma mabwana simuwadziwa. Tikabweretsa pepala la ba Tate okha adzati ndi matenda a ukalamba. Ndaganiza kuti titenge magazi a amuna onse a kushedi, mudzawayeze onse, pepala lidzakhale ndi maina ambiri. Emelda poyamba anakana, akuti zingamuchotsetse ntchito, koma nditamutchulira Titus anavomera. Amabwera Lamlungu masana, Sharon ndi ana ali kutchalitchi kwawo kuja kopemphera mpaka dzuwa kupendeka. Timatseka chitseko, amuna amalowa mmodzimmodzi kudzera kuseli, aliyense n'kupereka mkono. Humphrey anayamba, kenako Shadreck, uja wamtali wa ku Petauke, ena n'kutsatira. Pabotolo lililonse timamata pulasitala n'kulembapo dzina.

Munati akhale pozizira. Ndiye ndawaika pamalo ozizira kuposa paliponse m'Kafue muno, mufiliza ya Sharon ija amaumitsira maaisibuloko ogulitsa kusukulu. Ndawakulunga m'jumbo la shuga, ali pansi penipeni, auma gwa ngati miyala. Sharon sindinamuuze, chifukwa iye chilichonse amakachinena kutchalitchi. Bokosi la ayezi ndabwereka kale kwa wogulitsa nsomba wa ku Chanyanya. Tsiku la Lindiwe likayandikira ndinyamula zonse.

Konzani maginito anuwo. Ndikufuna ndidzamuone bwana akuwerenga pepalalo ndili pomwepo.

Chindikani

Shikoswe, Kafue
10 Meyi 1998

Ba mulamu Winfrida,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndine Sharon. Sindinakulembereni kalata chikwatiwire m'banja lanu, ndipo iyi ndikulemba mwamuna wanga sakudziwa. Ndikufuna mundiuze zoona.

Sabata yatha malaiti anazima tsiku lonse. Ndinaopa kuti maaisibuloko anga asungunuka, ndiye ndinaitana ba Elina, akazi a ba Humphrey, kuti andithandize kuwatulutsa tikawaike kwa aneba a jenereta. Titafika pansi pa filiza ba Elina anatola jumbo la shuga n'kulitsegula. Ba mulamu, munali mabotolo a magazi. Akuda. Botolo loyamba limene anagwira linali ndi dzina la amuna awo. Anakuwa mpaka anthu a mzere wonse anatuluka.

Ndinafunsa ba Chindikani. Akuti ndi inu munaitanitsa, akuti muli ndi makina amene amamva mawu a magazi. Mawu a magazi! Ndinati tiyeni tikataye m'chimbudzi, iwo anandikankhira pafiliza mpaka nthiti zikundipweteka lero. Ndinawaponyera mpando. Ana anaona zonse.

Lachitatu ba Humphrey anagwa padiramu kuntchito, pofika kukiliniki anali atapita. Ba Elina akuuza aliyense kuti amuna awo anali kuyenda okha mpaka tsiku limene anapereka magazi m'nyumba mwanga.

Ine mutu unandizungulira. Kwathu kutchalitchi munthu akalemedwa sabisa, amaima kutsogolo nthawi ya umboni n'kunena, abale amusenzetse. Ndinaima. Ndinati mundipempherere, m'nyumba mwanga muli magazi a anthu, mwamuna wanga akuwatumiza kunja kwa mlongo wake. Ndinangofuna pemphero, Mulungu ndi mboni. Koma tchalitchi chonse chinaimirira. Mukudziwa zimene anthu akunena masiku ano, kuti masatanisiti amalemera ndi magazi a abale awo, kuti ena amapita kunja pa ndeke osalipira chifukwa anapereka munthu. Mayi wina anafuula kuti, "Nanga maphunziro aulere aja anawapeza bwanji mwana wa wopuma ntchito kunjanji?"

Madzulo ake mlongo wanga Aaron, amene amatsogolera achinyamata kutchalitchi, anabwera ndi anzake kuti apemphere ndi kuthira mabotolowo pansi. Ba Chindikani anaima pakhomo ndi chikwanje. Aaron anati, "Ba mulamu, tipatseni chabe vinthu ivo, tizapita." Iwo anati woyamba kuponda sitepe amusiya wopanda mkono. Aaron anaponda. Anamutema apa pamkono, mnofu unatseguka mpaka fupa kuonekera, anamusoka kukiliniki. Mlongo wanga ndi mwamuna wanga, ine ndili pakati ndikukuwa.

Chiyambire tsiku limenelo miyala ikugwa padenga. Mawindo onse asweka. Palibe wogula aisibuloko, amayi akuti ana awo akhala akuyamwa magazi a anthu. Ana anga anawathamangitsa kusukulu ndi miyala, wamng'ono ali ndi bala pachipumi. Ba Chindikani satuluka pakhomo, amangokhala pamwamba pa filiza ndi chikwanje pamiyendo.

Ine sindinaphunzire ngati inu. Mwina makinawo alipodi. Koma ngati pali chimene munalonjeza kumeneko, ba mulamu, perekani china. Mumasuleni mwamuna wanga. Inu nokha ndi amene amakumverani. Mulembereni ataye zinthuzi asanatiphe tonse.

Sharon

Sheffield
12 Meyi 1998

Chindikani,

Moni. Kalata yako ya mu Epulo yandipeza, ndipo sindikudziwa ngati ndiyambe ndi kukukalipira kapena kukuuza nkhani yabwino. Ndiyamba ndi kukalipa.

Wapenga? Ndinati kabotolo kamodzi! Ndani anakuuza kuti usonkhanitse magazi a anthu m'nyumba, chitseko chotseka, amuna akulowera kuseli? Kuno magazi timatenga mufiliji ngati mkaka, palibe wotiyang'ana, koma iwe uli ku Kafue. Anthu akadziwa sadzafunsa za maginito. Ndayesa kuimba foni ya kusitolo ya ba Mtendere kuti akuitane, sikulowa.

Ndipo magaziwo wawawononga kale. Ndinati pozizira, sindinati aume. Magazi akauma timatumba take timaphulika, ndipo chofiiritsa chija chimatha kuda chokha ngakhale munthu ali bwinobwino. Ndikawaika m'makina palibe chimene ndinganene motsimikiza, bwana wakoyo angatiseke. Ukangowerenga kalata iyi tenga mabotolo onse ukathire m'chimbudzi. Onse, ndi la Atate lomwe. Kwa Lindiwe usapiteko.

Tsopano mvera. Magazi a kunyumba sindikuwafunanso. Dzina lija unakopera padiramu ndi limene ndinkafuna. Mankhwala amenewo akalowa m'thupi chiwindi chimawasintha pang'ono, ndipo osinthikawo ndi amene amawononga. Tinawapeza kuno. Ndinapempha nesi anditenge magazi anga, ndinawagawa pawiri, ena ndinasiya momwemo, ena ndinadonthezamo mankhwalawo. Ndikuyang'ana chonchi anayamba kuda, mpaka kufika mtundu uja wa koko unanena iwe. Mnzanga ndi amene anawalitsa zenoni.

Mapepala awiri ndaika muno. Pa loyamba uona timapiri tiwiri. Kakumanzere ndi mawu a zenoni ali m'kati mwa chofiiritsa magazi, kakumanja ndi pamene ali m'madzi a magazi. Amenewo ndi magazi abwino. Pa lachiwiri kaphiri kakumanzere kasuntha, kaphwanyika, ndipo kankazimirira tisanathe n'komwe kujambula. Ndiko kuti mankhwala a padiramu afika pa chinthu chonyamula mpweya n'kuchisintha. Tinabwereza mpaka zenoni anatithera, zinatuluka chimodzimodzi. Aphunzitsi anga alemba kalata yofotokoza zonse m'Chingerezi chosavuta n'kusaina, anenanso kuti mankhwalawa amadziwika kale kuti sagwiridwa ndi manja. Nayonso ili muno.

Ndi limenelo pepala lako, mlongo wanga. Usapite nalo pageti wekha, ndipo usapite ndi chitsulo. Upite nalo kwa a mabungwe a antchito ndi kwa madokotala ku Lusaka, pamodzi ndi Atate. Ndinakunyadira pamene ndinaona zilembo zako zoongoka bwino, wachita ntchito. Tsopano taya mabotolowo ukapepese kwa Sharon.

Undiyankhe tsiku lomwelo kuti ndigone tulo.

Winfrida

Shikoswe, Kafue
14 Juni 1998

Mwana wanga Winfrida,

Ndine tate wako. Ndikhulupirira uli moyo. Dzanja langa likuchedwa, undipirire. Lindiwe anati akuuza pakamwa akafika, koma iye sanaone. Ine ndinaona, ndipo ndikufuna umve kwa ine.

Mlongo wako Chindikani tinamuika m'manda.

Linali Lachinayi m'mawa, mawa lake Lindiwe akwera ndeke. Chindikani anatulutsa mabotolo aja mufiliza, anawaika m'bokosi la nsomba, n'kumanga pakaliyala ya njinga. Ndinamuuza kuti adzere njira ya kunjanji kopanda anthu. Anati iye si mbala kuti azizemba, adzera pamsika, akasiye njinga kwa wokonza mateyala akwere basi ya ku Lusaka. Ndinamutsatira wapansi. Ukudziwa mayendedwe anga masiku ano, ndinatsalira kutali.

Pamsika panali Elina, mkazi wa malemu Humphrey, ali ndi duku lakuda. Anaona bokosi n'kukuwa kuti, "Uyo apo! Apita nayo magazi ya mwamuna wanga!" Anthu anasiya malonda. Wina analowetsa mtengo m'masipoko, njinga inagwa, bokosi linatseguka, mabotolo anasweka pamsewu wa tala. Magazi anali atayamba kusungunuka, akuda bii. Anthu ataona mtunduwo anati aha, si awa, wawalodza kale.

Pamene ndinkafika anali atamuzungulira. Chindikani anali ataimirira, chipumi chikuchucha, akuyang'ana nkhope za anthu. Anaona Shadreck, mmodzi wa amene anapereka mkono m'nyumba mwathu. Anafuula kuti, "Shadreck, auze! Unabwera wekha, palibe anakukakamiza! Onetsani milomo yanu, imwe a kushedi!" Maso onse anatembenukira kwa Shadreck. Mayi wina anamufunsa ngati nayenso ali m'gulumo. Shadreck anayang'ana pansi, anatola njerwa, n'kumugenda nayo pachifuwa. Ena a kushedi analipo, ndinawaona. Anatseka pakamwa ndi manja n'kubwerera m'mbuyo.

Atagwa anamugwera onse. Njerwa, mipini, miyala yoyezera nyemba pasikelo. Lighton anabwera ndi chilonda chake cha pamaso, anamuponda pakhosi ndi jombo. Aaron, mlamu wake yemwe uja anamutema, anadzigwetsa pamwamba pake akufuula kuti sitinabwere kudzapha, koma anamukoka miyendo n'kumumenya nayenso. Ine ndinali pamenepo, mwana wanga, kuseli kwa misana ya anthu. Ndinkakoka malaya awo. Ndinkafuna kunena kuti magazi ena ndi anga, ndine tate wake, yang'anani pakamwa panga. Mpweya unandithera. Ndinkangotsegula kukamwa, ndipo wina anandikankha ndi chigongono ndinagwera m'tomato.

Anabweretsa teyala ndi palafini. Anamuveka m'khosi. Chimene chinaletsa moto ndi dalaivala wa basi, munthu wosatidziwa, amene analowetsa basi pakati pa anthu akuliza hutala, anthu n'kubalalika. Iye ndi kondakitala wake anatinyamula. Ndinamugoneka pamiyendo panga pampando wakumbuyo. Diso limodzi linali litatsekeka, lina linkandiyang'ana. Anandifunsa ngati botolo langa lasweka. Ndinati ayi, lilipo. Anamwalira tisanafike pachipatala.

Masana omwewo anthu aja anapita kunyumba, anakokera filiza panja n'kuitentha. Emelda anathawira ku Chanyanya, akuti anaoloka mtsinje pabwato, sindidziwa kumene ali. Sharon ali kwa amake ku Shimabala ndi ana. Anabwera kumaliro, anakhala patali, ndipo pamene tinkakwirira anayamba kudzimenya mutu pamtengo mpaka anamugwira. Kumanda tinalipo ochepa moti dothi ndinathira nawo ndekha, ndikupumira pafosholo.

Ndakwiya, Winfrida. Ndakwiyira anthu a mumsika amene ndakhala nawo chibwerere kuchoka ku Katete. Ndamukwiyira Chindikani chifukwa cha mtima wake wosamva. Ndakukwiyira iwenso. Unabadwira ku Kafue kuno, unakulira kuno, unamva ndi makutu ako anthu akuthawa galimoto yachilendo poopa opopa magazi. Unalemba bwanji mawu oti magazi m'kalata yopita kwa Chindikani? Koma ndiwe mwana wanga, ndipo watsala wekha.

Kuchipatala anandipatsa zovala zake m'jumbo. M'thumba la buluku munali kiyi wa bokosi lathu la kupositi. Maliro atatha ndinapita kukatsegula, ndinapeza kalata yako ija ya mapepala a timapiri. Ndinafunsa mayi wa pakauntala kuti inafika liti. Anayang'ana chidindo n'kunena kuti Lolemba, sabata yomwe ija. Mlongo wako sankatuluka chifukwa cha miyala. Lachinayi lija anadutsa pakhomo penipeni pa positi, kiyi ali m'thumba, akuthamangira basi.

Ndinawerenga zonse. Ndamva kuti mwanayo sananame, ndi iwenso sunaname. Ndinatenga mapepalawo kupita nawo kushedi nthawi ya nkhomaliro, ndinawatambasula kuti anzanga aone. Palibe anawagwira. Shadreck anadzuka n'kukadyera kwina. Wina anati, "Ba Fackson, chotsani ivo, vichokera kwa uja mukazi wa magazi." Milomo yawo yakuda ngati yanga, akutafuna chimanga.

Usabwere. Ndikudziwa ukufuna kukwera ndeke, usayese. Dzina lako lili pakamwa pa aliyense, ndipo ine sindingathe kukumbanso dzenje lina. Ngati uli ndi anthu kumeneko odziwa kumene mapepala otere amamveka, atumize kumeneko, kuno alibe mwini.

Za ku Lusaka zija sindinapite. Ana a Chindikani alibe wowadyetsa, filiza inapsa, ndipo m'banja muno wolembedwa ntchito ndatsala ine. Lighton wati malo anga alipo ngati sindiyambitsa phokoso. Mawa Lolemba ndibwerera padiramu.

Ndine tate wako,
Fackson Sakala